Epuloni ya a Lumo

Lachiwiri m'mawa, dzuwa lisanayambe kuwawa, munthu wina anagogoda pageti pa Alandilodi, kutsidya kwa njanji. Anavala chipewa chachikulu, masiki pakamwa, ndi epuloni ya mtundu wa lalanje. Kumbuyo kwake kunali ngolo yokankha ya matayala awiri.

"Odi. Ndachokera ku kalabu, bambo. Tikutolera katundu wakale wodzagulitsa pa selo ija."

Alandilodi anasuzumira pamng'alu wa geti. Maso awo anali atatopa kale, ankayera pa tsiku la lendi lokha. Koma epuloniyo anaiona, poti mtundu umenewo umalasa m'maso ngakhale uli patali. Anatsegula, n'kusendera pafupi kuti awerenge dzina losokedwa pachifuwa ndi ulusi wobiriwira: LUMO.

"Paja munati mubwera Loweruka?"

"Katundu wachuluka, bambo. Tayambiratu."

"Nanga masikiwo?"

"Chimfine. Sindikufuna ndikupatsireni."

"Mwachita bwino. Chaulere chomwe sindilandira n'chimenecho basi."

Analowa m'nyumba n'kutulutsa wailesi yaikulu yamatabwa, yomwe inkayamba kulankhula ukaimenya khofi, ndi simbi yamagetsi yopanda pulagi. Munthuyo anazikweza m'ngolo, nathokoza ndi manja awiri. Alandilodi anazungulira kuseri kukatenga makwerero. Pobwerera, akuwefuka ndi makwerero paphewa, anapeza pageti palibe munthu, palibe ngolo.

Chinawapweteka mtima si wailesi ayi, koma ngalande za padenga.

Kuti mumvetse za ngalandezi, muwadziwe kaye a Maepuloni. Dzina lenileni la kalabu yawo linali lalitali ndipo palibe ankalikumbukira, ngakhale eni ake. Anali anthu opuma pantchito, amalonda, aphunzitsi ndi amayi apakhomo. Ankakumana Lachitatu lililonse madzulo m'kalasi ya pasukulu ya pulaimale, atadzipanikiza m'madesiki a ana, maondo ali m'chibwano. Chaka chimenecho cholinga chinali chimodzi: kumanga shedi pachipatala chaching'ono, pomwe amayi ankadikirira sikelo ya ana padzuwa, makanda akulira kumsana. Ndalama zake zimayenera kuchokera pa selo ya katundu wakale wotoleredwa m'makomo.

Wapampando wawo anali Anamwino, mayi wopuma pantchito yemwe ankalankhulabe ndi aliyense ngati wodwala wokana jakisoni. Iwowa ndi omwe anaika lamulo lomwe linatchukitsa kalabuyo: membala salandira mphatso pakhomo asanagwirepo ntchito. Kusesa, kukonza mpopi wodontha, kutchetcha udzu, chilichonse chomwe eni nyumba aloza. "Ife si opemphetsa," ankatero. "Ntchito kaye, mphatso pambuyo." Lolemba, membala wina, Aphunzitsi, ankayenda ndi chimkuzamawu mumsewu wosankhidwa kulengeza kuti kalabu ikubwera. Loweruka, gulu linkafika ndi matsache ndi masipanala. Anthu ankasunga ntchito zawo zonse zotopetsa kudikira tsikulo, ndipo Alandilodi anali atasunga ngalande zawo chisiyireni mvula.

Lachitatu madzulo, msonkhano uli mkati, chitseko cha kalasi chinatseguka popanda odi.

"Ndabwera kudzatenga ntchito yanga," anatero Alandilodi. "Wailesi mwatenga. Simbi mwatenga. Ngalande zanga zidakali ndi masamba."

Anamwino anatsitsa magalasi. "Bambo, msewu wanu tifika Loweruka. Sitinatume munthu."

"Munthu wanu ndamuona ndi maso angawa."

"Maso ake ati?" ananong'ona wina kumbuyo, anthu n'kuseka mobisa.

"Anavala epuloni yanu. Yolembedwa Lumo."

Kuseka kunathera pomwepo. Mitu yonse inatembenukira kudesiki ya pakona, komwe kunakhala Ometa. Mwa anthu onse m'kalasimo, iwo okha ndi omwe sanavale epuloni.

Ometa anali bambo wamtali, wofatsa, mwini shopu yometera ya mpando umodzi pafupi ndi msika. Lumo linali dzina lomwe ankawatchula malemu akazi awo, ndipo ndi mayiwo omwe analisoka pa epuloniyo ali kale pabedi, manja akunjenjemera. Ulusi wake unali wokhotakhota ngati njira ya mwana woyamba kuyenda. Chimwalirireni mayiwo, kalabu ndi yomwe inkawadzutsa Ometa m'mawa. Pantchito ya Loweruka ankakhala oyamba kufika ndi omaliza kuchoka, poti kunyumba kunalibe wowadikira.

"Epuloni yanu ili kuti, achimwene?" anafunsa Anamwino. "Sabata yatha munati ili kochapa."

"Inali kochapa zoona, mayi. Ndinayanika pachingwe kuseri kwa shopu. Pokayanula ndinapeza mapegi okha."

"Osanena bwanji?"

"Manyazi. Chinthu chimene chija si chotaya. Ndimati mwina chipezeka."

Alandilodi anayang'ana Ometa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akutsinzina diso limodzi.

"Msinkhu wake ndi womwewu," anatero.

M'mawa mwake nkhani inali kupolisi. Anaigwira ndi Sajeni, mayi wamfupi wa nsapato zonyezimira, yemwe ankafunsa mafunso ngati akusenda mbatata, pang'onopang'ono koma osasiya khungu. Anayenda nyumba ndi nyumba kutsidya kwa njanji, wapolisi mnzawo, Kopolo, ali pambuyo. Anapeza kuti wailesi inali chiyambi chabe. Munthu wa epuloni anali atatenga mapoto, matiresi, kabedi ka mwana, ndi njinga yopanda chishalo. Koma wolira kwambiri anali Mayi Telala, poti iwo sanapereke mphatso n'komwe. Munthuyo anawauza kuti kalabu ikukonza makina osokera mwaulere, ndipo awo adzabwera nawo Loweruka atathiridwa mafuta.

"Makina amene aja ndi omwe amadyetsa ana anga, a Sajeni. Ndinamuthandiza ndekha kukweza m'ngolo. Ndinamuuzanso kuti asamale chimfinecho."

Nyumba iliyonse, akamaliza kutchula katundu, ankawonjezera dandaulo lachiwiri, ndipo ena ankayamba ndi limenelo.

"Sanasese n'komwe."

"Mpopi wanga ukudonthabe mpaka pano."

"Ndinamulozera udzu, iye n'kuti abwera ndi anzake."

Nkhope? Palibe anaiona. Chipewa, masiki, wamtali, epuloni ya Lumo.

Masana Sajeni analowa m'shopu ya Ometa, n'kukhala pampando wa makasitomala osafunsa.

"Lachiwiri m'mawa munali kuti, bambo?"

"Lachiwiri sinditsegula. Ndimapita kukacheza ndi mkazi wanga."

"Chabwino. Angakuchitireni umboni?"

"Ali kumanda, a Sajeni. Ndimakazula udzu, n'kuwauza za sabata yonse."

Kopolo anayang'ana kudenga. Sajeni anakhosomola pang'ono.

"Panali wina anakuonani?"

"Anthu akumeneko sayang'ana za eni."

"Sindikumangani," anatero Sajeni akudzuka. "Koma musapite kutali."

Sanawamange, koma pakamwa pa anthu panawamanga. Nkhani inawoloka njanji n'kufika kumsika isanatuluke n'komwe thukuta. Amuna omwe ankameta kwa iwo kuyambira ali anyamata ankadutsa pashopupo akuyang'ana mbali, tsitsi lili nyankhalala. Wogulitsa malasha anati anali kuwakayikira kalekale, poti munthu wofatsa choncho amakhala ndi chobisa. Loweruka m'mawa Anamwino anaima pakhomo pa shopu, chikwama ali nacho pachifuwa ngati chishango.

"Achimwene, komiti yati mupume kaye. Mpaka nkhaniyi ithe."

"Lero si tsiku lopenta mabenchi?"

"Tipenta tokha."

Ometa anangogwedeza mutu. Anamwino atapita, anatenga tsache n'kusesa pansi pomwe panalibe tsitsi ngakhale limodzi. Anamva chisoni chomwe sanamvepo chiyambire tsiku la maliro. Anali atataya epuloni, ndipo tsopano dzina lomwe mkazi wawo anasoka linkatchulidwa pamodzi ndi mawu oti mbava.

Lamulungu masana, Sajeni anaitanitsa Anamwino, Aphunzitsi ndi Ometa kuofesi kwawo.

"Wakubayu amatsata chimkuzamawu chanu," anatero. "Aphunzitsi akalengeza Lolemba, iye amafika Lachiwiri, kukolola inu musanafike. Mawa mulengezenso, msewu wina, ngati palibe chachitika."

"Angabwere atamva kuti apolisi alowapo?" anafunsa Aphunzitsi.

"Wamvanso kuti mlandu wagwera Ometa. Munthu wotere amagona tulo tabwino, ndipo akadzuka amabwereza." Anatembenukira kwa Ometa. "Inu, Lachiwiri mukakhale pomwe Anamwino akukuonani. Epuloni ikaoneka mumsewu inu muli pampando, mwayera. Ikapanda kuoneka, ndidzakhala ndi mafunso ena."

"Ndiye kuti kwa mkazi wanga sindipita."

"Akumvetsani."

Anasankha msewu wa kuthanki, chifukwa kumeneko kunkakhala mlamu wawo wa Anamwino, mayi wojintcha wa pakamwa pakuthwa yemwe msewu wonse unkangomutchula kuti Alamu. Komanso Alandilodi anali ndi nyumba ina yalendi kumapeto kwa msewuwo, monga analili nazo pafupifupi msewu uliwonse. Lolemba Aphunzitsi anadutsa ndi chimkuzamawu, akukuwa mpaka agalu onse anayankhira. Pambuyo pawo Alamu anayenda khomo ndi khomo, kunong'oneza amayi kuti munthu wa epuloni akafika amulandire bwino, apolisi adzakhala pafupi.

Lachiwiri m'mawa Ometa anali pasofa ya Alamu, kuseri kwa katani, Anamwino ali pambali pawo ndi kapu ya tiyi. Kunadutsa wogulitsa masamba. Kunadutsa wowerenga mita ya madzi. Dzuwa linakwera, tiyi anazizira, ndipo Ometa anayamba kuona m'maganizo mwawo momwe shopu yawo idzaonekere itatsekedwa ndi loko.

Foni ya Anamwino inalira. Anali Sajeni.

"Mayi, tachedwa. Lole ya nkhuku yagubuduzika pamphambano, tauni yonse ikuthamangitsa nkhuku. Kwanuko kuli bwanji?"

"Kuli zii."

"Ayi," anatero Ometa motsitsa, chala chili pakatani. "Kulibe zii."

Kumayambiriro kwa msewu kunali kutatulukira ngolo ya matayala awiri. Pambuyo pake panali chipewa, masiki, ndi mtundu wa lalanje wolasa m'maso. Anamwino anayang'ana mumsewu, anayang'ana Ometa pasofa, anayang'ananso mumsewu. Anaika kapu pansi n'kuwagwira dzanja.

"Achimwene, mundikhululukire."

"Zimenezo pambuyo, mayi. Auzeni a Sajeni."

Sajeni anamvetsera, kenako anapumira m'mwamba. "Galimoto yathu yakana kulira. Tibwera, koma si pompano. Musamugwire, musamumenye. Akhoza kukhala ndi mpeni. Mungomuchedwetsa."

"Timuchedwetse bwanji?"

Alamu, omwe ankamvetsera ali pakhomo la kukhitchini, anamanga lamba wa diresi lawo. "Wavala epuloni, si choncho? Ndiye lamulo ndi lanu lomwe. Ndisiyireni."

Anatuluka akumwetulira mpaka mano akumapeto.

"Fikani, fikani, achimwene a ku kalabu. Mwachita bwino kulawira. Lowani muone."

Anamutengera kukhitchini podzera khomo lakuseri. Pakona panali filiji yaitali, yoyera, ya zitseko ziwiri, ikung'ung'udza mokoma.

"Mwana wanga wanditumizira ina. Iyi ndapereka ku kalabu."

Munthuyo anameza malovu, masiki n'kugwedezeka. "Mulungu akudalitseni, mayi. Ndiikweze?"

"Aa, mwayiwala lamulo lanu? Ntchito kaye. Uja wa kutsidya kwa njanji ankatenga osagwira ntchito, n'chifukwa chake anthu anamutulukira kuti ndi mbava. Inu si wotero, ndikuona ndi maso."

"Ayi, mayi. Ine ndine weniweni."

"Ndiye mabulangete ndi awo, m'bafamo. Mungoponda."

Anavula nsapato n'kuponda. Mabulangete anali a nyumba yonse, ena anali asanaone madzi chibadwire mdzukulu woyamba. Anaponda, anafinya, anayanika. Atamaliza analoza filiji, koma Alamu anapukusa mutu.

"Imeneyi ndi yolemera, muitenge pomaliza. Mukaikweza pano katundu wa anzanga akhala pati? Tsatani msewu, ndikuperekezani."

Ndipo anamuperekezadi, akumuyamikira mokweza pakhomo lililonse. Nyumba yachiwiri anamupatsa fani yamagetsi, atatha kutsegula ngalande ya kubafa yomwe inkanunkha kufikira kumsewu. Nyumba yachitatu anamupatsa sutikesi yachikopa, atasambitsa galu. Galuyo anali wamkulu ngati mwana wa ng'ombe ndipo madzi ankadana nawo kuchokera pansi pa mtima. Nyumba yachinayi kunali mayi woyembekezera yemwe ankafuna kabati isunthidwe. Inachoka pazenera kupita pakhomo, pakhomo kupita pakona, kenako mayiyo anaima, dzanja pachiuno.

"Mukudziwa, achimwene, pomwe inali paja panali bwino."

Ngolo inkadzaza, munthu ankatha. Thukuta linanyowetsa masiki mpaka inamatirira pakamwa. Kawiri konse anayang'ana kumapeto kwa msewu ngati wofuna kuthawa. Kawiri konse anayang'ana ngolo, n'kukumbukira filiji ya zitseko ziwiri, n'kuweramanso. Amayi ankamupatsa madzi akumwa ndi mawu okoma. Wina anamufunsa ngati ali pabanja, poti mwamuna wolimbikira chonchi sasowa mkazi. Kuseri kwa katani Anamwino anali ataluma mpango kuti kuseka kusamveke. Ometa sankaseka. Maso awo anali pa epuloni, yomwe tsopano inali ndi matope, thovu la sopo, ndi mapazi a galu.

Foni inaliranso. "Tasiya galimoto," anatero Sajeni akuwefuka. "Tikubwera panjinga ya Kopolo. Akadalipo?"

"Akuwaza nkhuni pa nyumba yachisanu ndi chimodzi."

"Akutani?"

"Bwerani mudzaone nokha."

Dzuwa litafika paliwombo, panatsala nyumba imodzi, ya kumapeto. Pageti panaima Alandilodi, makwerero atawatsamiritsa kale kukhoma. Anali atawanyamula paphewa kuchokera kutsidya kwa njanji, munthu woti sakwera basi ngati miyendo ilipo. Wakubayo atawaona anabwerera m'mbuyo pang'ono. Koma Alandilodi anatsinzina maso awo otopa aja n'kumulankhula ngati munthu yemwe sanamuonepo chibadwire.

"Ndinu a ku kalabu? Mwafika bwino. Ngalande zili pamwambapo. Mukamaliza pali jenereta."

Jenereta kunalibe, ndipo ikanakhalapo Alandilodi sakanaipereka ngakhale kwa mayi awo owabala. Koma mawuwo anagwira ntchito. Munthuyo anakwera, nayamba kukokolola masamba ndi manja, akuponya pansi. Malata anali atatentha. Anavula chipewa n'kudzipepesa nacho, kenako anatsitsa masiki kuti apume.

Ometa anali atatuluka m'nyumba ya Alamu osadziwa kuti atuluka. Anayenda msewu wonse, Anamwino akuwakoka malaya, mpaka anaima pansi pa makwerero. Nkhope ya padengayo anaidziwa. Anali mwamuna yemwe anabwera kudzameta ndevu masabata apitawo, n'kupempha kukataya madzi kuseri kwa shopu. Koma si nkhope yomwe inawatulutsa m'nyumba. Lamba wa epuloni anali atakodwa pamsomali wa lata, ndipo munthuyo akasuntha nsalu inkakokeka.

"Achimwene," anaitana Ometa mofatsa, "samalani pamenepo. Pali msomali. Mung'amba."

Munthuyo anayang'ana pansi. Anaona Ometa. Anaona Anamwino atavala epuloni yawo. Anaona amayi a msewu wonse atadzaza pageti, manja ali m'chiuno, kumwetulira konse kutatha. Anathamangira kumakwerero, lamba n'kuduka, koma Alandilodi anali atawagoneka kale pansi n'kukhalapo.

"Mbali yakumbuyo mwamaliza?" anafunsa.

"Bwezerani makwerero, bambo, chonde."

"Ndafunsa za mbali yakumbuyo."

Nyumbayo inali yaitali, pansi pali simenti, ndipo kuseri kunali kutafika galu uja, woyera bwino koma wosaiwala. Munthuyo anakhala pansi pamalata otentha, n'kudzukanso msangamsanga.

Sajeni anafika atakhala pakaliyala, Kopolo akupalasa, nthenga ya nkhuku ili pachipewa. Anatsika, anakonza yunifomu, n'kuyang'ana msewu wonse. Mabulangete ali pachingwe, nkhuni zili mulu, ngalande ikuyenda, galu akunyezimira.

"Zonsezi wachita yekha?"

"Yekha," anatero Alamu. "Ndi wolimbikira, a Sajeni. Kuba kukungomuwonongera luso."

"Tsika," anatero Sajeni. "Wamangidwa pa mlandu wakuba mwachinyengo. Bambo, dzukani pamakwereropo."

"Mungodikira pang'ono, a Sajeni," anachonderera Alandilodi. "Kwatsala mbali imodzi yokha."

Sanadikire. Munthuyo anatsika, ndipo Kopolo atatulutsa unyolo anapereka manja yekha, ali matuza okhaokha.

"Kuchitolokosi kuli pokhala?" anafunsa ndi mawu otsika.

"Benchi lilipo."

"Tiyeni, bwana."

Madzulo omwewo wakubayo anatengera apolisi kuchipinda chomwe ankachita lendi kuseri kwa depoti ya mabasi. Katundu anali mpaka kudenga, akudikira lole yopita kutauni ina. Mayi Telala anakumbatira makina awo n'kulira ngati apeza mwana wosochera. Wailesi ya Alandilodi inali pakona. Anaimenya khofi, inalankhula, ndipo anati apereka ku selo pokhapokha wina akamaliza ngalande za kutsidya kwa njanji.

Kukhoti mlandu sunatenge nthawi. Wakubayo anavomera zonse. Ananena kuti anaona epuloni pachingwe, anamva chimkuzamawu, n'kuganiza kuti kalabu ndi ntchito yophweka: kuvala lalanje n'kulandira zinthu.

"Za lamulo lawo sunkadziwa?" anafunsa woweruza.

"Ndinkamva, bwana. Ndinkaona ngati amangonena."

Anthu anaseka mpaka woweruza anagogoda patebulo, ngakhale iyenso milomo inkamuvuta. Poona kuti katundu yense wapezeka ndipo unali mlandu woyamba, anamulamula kugwira ntchito yothandiza anthu kwa miyezi isanu ndi umodzi, pachipatala chaching'ono chija. Akathawa tsiku limodzi, ndende. Ndiye njerwa za shedi ya amayi anazinyamula ndi iyeyo, moyang'aniridwa ndi Anamwino, ndipo ena amati ndende ikanamukomera.

Selo inachitika pabwalo la sukulu, ndipo kunabwera anthu ochuluka kuposa chaka china chilichonse, poti aliyense ankafuna kuona ngolo yotchuka ija. Filiji ya Alamu sinabwere. Anati analonjeza mbava, osati kalabu. Amuna a tsitsi la nyankhalala anabwerera kwa Ometa m'modzim'modzi, aliyense akunena kuti iye sanakhulupirireko mphekesera zija. Wogulitsa malasha anati anadziwa kuyambira pachiyambi kuti munthu wofatsa choncho sangabe. Ometa anawameta onse, kungoti wamalashayo anatuluka ndi mutu wosalala kuposa momwe anapemphera.

Epuloni inakhala kupolisi ngati umboni mpaka mlandu utatha. Sajeni anaibweretsa okha kushopu, ili m'pepala lapulasitiki. Inali yakuda ndi matope, lamba woduka, ndipo ulusi wobiriwira unali utayamba kusomphoka pa chilembo chomaliza. Ometa anaichapa ndi manja, n'kuyanika mkati mwa shopu, pamsana pa mpando wometera. Makasitomala a tsiku limenelo anameta ataimirira.

Mayi Telala anabwera ndi singano. "Ndipatseni, achimwene. Dzinali ndilimasula ndilisokenso ndi makina, likhale lowongoka."

"Lamba yekha, achemwali," anatero Ometa. "Dzinalo lisiyeni momwe lilili."

Lachiwiri lotsatira anatseka shopu monga mwa masiku onse. Anavala epuloni pamwamba pa malaya oyera, lamba watsopano atamanga kumbuyo. Anadutsa pachipatala, pomwe mizati ya shedi inali itaima kale, ndipo munthu wina wamtali ankakankha wilibala ya mchenga osadzutsa mutu. Anapitirira mpaka kumanda. Udzu unali utakula, poti chiyambire tsiku la msewu wa kuthanki anali asanapiteko, kudikira kuti epuloni ibwere. Anagwada, anazula pang'ono, kenako anawongola chifuwa kuti ulusi wokhotakhota uja uonekere bwino.

"Mayi, pepani ndinajomba," anatero. "Koma taonani, yabwera. Ndipo lero nkhani ndili nayo, mukonzeke kuseka."